Bowo Limene Hafsah Anakuza

1. Galimoto yokwawa

Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 2006, ku Biwi kunacha ndi dzuwa loswa mtengo. Nthawi isanakwane n'komwe naini koloko, malata a garaji ya Bambo Hamisi anali atayamba kale kuthetheka ndi kutentha.

Mwana wawo wamkazi, Hafsah, anali pansi pa minibasi akumanga mabuleki. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ntchitoyi anaiyamba atangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo tsopano zinali zitatha zaka ziwiri. Ankavala ovolosi ya buluu ndi mpango womanga zolimba kumutu kuti usakodwe mu injini. Mabuleki, mabering'i ndi mashoka ankasintha yekha popanda womuyang'anira. Komabe makasitomala ambiri akafika ankamudutsa ngati sakumuona, n'kufunsa kuti, "Kodi amakaniko alipo?"

Funso limeneli linkamuwawa. Ankangoloza kumene kuli bambo ake.

M'mawa umenewo anayamba wamva nyimbo galimoto isanaoneke. Kenaka inatulukira pakona. Inali saluni yofiira ya magalasi akuda, yotsika kwambiri moti mimba yake inkachita ngati ikunyambita dothi. Polowa pageti inakhula pansi kuti khwee! Anyamata ogulitsa matayala tsidya la msewu anafa nazo kuseka.

Anatulukamo Pemphani, mnyamata wa ku Nsungwi amene ankagulitsa mafoni m'tauni. Hafsah ankamudziwa bwino. Anali mchimwene wake wa Jacqueline, mnzake wapamtima amene ankakhala naye desiki imodzi ku sekondale.

"Mwadzuka bwanji, madala?" anatero Pemphani akuvula magalasi a dzuwa.

"Tadzuka," anayankha Bambo Hamisi. "Nanga galimotoyi waichita chiyani? Ikukwawa ngati yathyoka miyendo."

"Ndi sitayilo imeneyo, madala. Ndinaitsitsa. Anyamata ena anandidulira masipiring'i onse anayi. Kungoti ikudya matayala akutsogolo, komanso ikumakokera kumanzere. Mundionere lero lomwe. Mawa ndi ukwati wa mlongo wanga, ndipo mkwatibwi akwera imeneyi."

2. Chingwe ndi nati

Bambo Hamisi anagwada n'kupisa dzanja kuseri kwa tayala lakumanzere. Anabweza dzanjalo msanga, chala chikutuluka timagazi. Kunja tayalalo linkaoneka latsopano, koma mbali ya mkati inali itadyeka mpaka mawaya kutuluka.

"Hafsah, tabwera ndi chingwe chija," anaitana.

Hafsah anatuluka pansi pa minibasi n'kubweretsa chingwe chimene kumapeto kwake anamangirirako nati. Anauza Pemphani kuti aimike galimoto pa simenti yosalala. Anagwira chingwecho pamwamba pa gudumu, n'kusiya natiyo ilendewere mpaka itasiya kugwedera. Kenaka anayeza mpata wa pakati pa chingwe ndi limu, chitsulo chimene tayala limavalapo, pamwamba ndi pansi pomwe. Anachita chimodzimodzi mbali inayo.

"Onse awiri agwera mkati, Ababa," anatero. "Lakumanja ndi chala chimodzi. Lakumanzere ndi zala ziwiri."

"Wamva?" anatero Bambo Hamisi kwa Pemphani. "Kupendekera kumeneku amakaniko timati kamba, osati kamba wa m'tchire ayi. Gudumu liyenera kuima pafupifupi chilili kuti tayala lonse lizigunda pansi. Ukadula masipiring'i, galimoto imakhala pansi, miyendo yake imatang'adza, magudumu n'kugwera mkati chakumtunda. Basi galimoto yonse imayendera m'mphepete mwa tayala, ngati munthu woyendera m'mbali mwa nsapato."

"Ndiye ingowongolani kambayo, madala."

"Kuwongola kwake n'kubwezeramo masipiring'i athunthu. Ndili nawo anayi abwinobwino kuseriku. Galimoto ikwera ngati kale, magudumu aima okha."

Pemphani anapukusa mutu. "Aa, zimenezo ayi. Pavidiyo ya ukwati ioneke ngati galimoto ya agogo? Anzanga onse akudziwa kuti yanga ndi yotsika. Akuti pali njira ina yachidule. Mumangokuza bowo la bawuti ndi tupa, n'kukankhira gudumu kunja. Ola limodzi yatha."

3. Chenjezo la Bambo Hamisi

Bambo Hamisi anapukuta chala chawo pakansanza. Anakoka benchi n'kukhala pansi.

"Mwanawe, khala apa undimvere. Iwenso Hafsah utchere khutu. Gudumu lakutsogolo limagwiridwa ku shoka ndi mabawuti awiri okha. Bowo lililonse analiboola molingana ndi bawuti yake, kuti bawutiyo isakhale ndi kothawira. Ukakuza bowolo gudumu liwongoka ndithu, sindikukana. Pa simenti pano lioneka bwino, mwini wake n'kuwomba m'manja. Koma kuyambira pamenepo chimene chagwira gudumu si chitsulo ayi. Ndi mphamvu ya dzanja la munthu amene wamanga nati.

"Kumene kuli misewu yosalala ena amachita zimenezo n'kupulumuka. Amakhalanso ndi mabawuti ake apadera, amene ine ndilibe. Nanga ife kuno? Kuchoka pano kukafika kwanu ku Nsungwi udutsa maenje angati? Sipiring'i yathunthu imameza dzenje. Yodulidwa simeza kanthu. Kugunda konse kumakathera pa bawuti ija. Lero igwira, mawa igwira, koma tsiku lina idzaterera m'bowo mwake galimoto ikuthamanga. Gudumu lidzagwera mkati, chiwongolero n'kukupulumuka m'manja. Ndipo sichidzakufunsa kuti wanyamula ndani.

"Anyamata inu mumafuna galimoto yoti anthu aziiyang'ana. Ine ndimafuna galimoto yoti anthu azitsikamo ndi miyendo yawo. Ukafuna masipiring'i, isiye pano, uipeza madzulo yatha. Ukafuna tupa, pano sagwira. Ndipo ndikukupempha ngati mwana wanga, usapitenso nayo kwina kukafuna zimenezo."

Pemphani anaimirira n'kuvalanso magalasi ake.

"Zikomo, madala. Ndamva," anatero. Koma mawu ake anali a munthu amene sanamve. Galimoto inakhulanso pageti potuluka.

Itakwana hafu leveni, Bambo Hamisi anasamba n'kuvala mkanjo woyera ndi kofia.

"Ndikupita ku mzikiti ku Kawale," anauza Hafsah. "Tikatha swala tikaika maliro a mkulu wina, ndiye ndichedwako. Ndifika cha m'ma fili koloko. A Adamu abwera kudzatenga minibasi yawo. Akachoka utseke geti."

4. Pempho la mkwatibwi

A Adamu anatenga minibasi yawo thwelofu koloko itangodutsa. Hafsah anali akukoka geti pamene anamvanso nyimbo ija.

Ulendo uno Pemphani sanali yekha. Kumpando wakutsogolo kunatsika Jacqueline, tsitsi litamangidwa kale mwaukwati, zikhadabo zitapakidwa utoto. Anathamangira Hafsah n'kumukumbatira osasamala za girisi.

"Iwe, udetsa bulauzi!" anatero Hafsah akuseka.

"Idetsedwe. Mnzanga, ndithandize. Madzulo ano ndikufunika ku Njewa kwa azakhali, kuli chilangizo. Mawa m'mawa kutchalitchi. Galimotoyi ikundiopsa. Achimwenewa akangosiya chiwongolero pang'ono, ikulowera kumanzere."

"Matayala ndasintha, ndagula ena tsidya apo," anatero Pemphani. "Chatsala ndi kamba basi."

"Ababa akana kale, achimwene. Munawamva."

"Akana iwowo. Ine ndabwera kwa inu. Si inu munayeza m'mawa muja? Mukudziwa pamene pali vuto."

"Lolani ndiikemo masipiring'i. Pofika fili koloko ikhala itatha."

"Masipiring'i ndakana. Galimoto ndi yanga."

Jacqueline anagwira dzanja la Hafsah. "Ndalankhula nawo mpaka kutopa, sakumva. Ukakana, tiyenda nayo chonchi, yopendekera. Kodi si bwino uiwongoleko pang'ono? Ndi masiku awiri okha. Lolemba abwera nayo, bambo ako adzaikonze mmene akufunira."

Hafsah anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana kumsewu kumene bambo ake analowera.

Pemphani anaseka chapansipansi. "Tiye, Jakie. Ndinakuuza ine. Awa ntchito yawo ndi yopatsira madala masipanala. Popanda madala palibe chimene angachite."

Tsidya la msewu anyamata a matayala aja anali atasiya ntchito, akumvetsera. Mmodzi anaseka mokweza.

Nkhope ya Hafsah inatentha. Anakankha geti n'kulitsegula lonse.

"Ilowetseni pa simenti," anatero.

5. Tupa

Anayamba ndi mbali yakumanja. Anakweza galimoto ndi jeki, n'kuikhazika pachitsulo chochirikiza. Anachotsa gudumu, anamasula mabawuti awiri aja, n'kutenga tupa lozungulira pakhoma.

Khwe, khwe, khwe. Tizitsulo tonyezimira tinayamba kugwera pa simenti. Thukuta linkatsikira m'maso. Patapita mphindi makumi awiri, bowo lapamwamba limene linali lozungulira linali litatalika ngati nyemba. Anabwezeramo bawuti, anakokera gudumu kunja, n'kumanga. Mbali imeneyo sinavute.

Kumanzere kunali kwina. Gudumu la kumeneko linali litagwera mkati kawiri kuposa linzake. Anapala, n'kuyesa. Linali lisanaime. Anapalanso, n'kuyesanso. Linali lisanaimebe.

"Nthawi, achemwali," anatero Pemphani akuyang'ana wotchi. "Madala atipeza pano."

Hafsah anakanikiza tupa ndi manja onse awiri. Kenaka anasiya n'kuuzira fumbi la chitsulo. Bowolo linali litafika pafupi ndi m'mphepete. Chitsulo chimene chinatsala pakati pa bowo ndi kunja chinali chopyapyala ngati kamtengo ka machesi.

Anachikhudza ndi chala. Anacheuka. Jacqueline anali atakhala pabenchi akuwerenga mayina a operekeza ukwati papepala. Pemphani anali pafoni.

Hafsah anatembenukiranso ku gudumu. Anaika washa wamkulu, kachitsulo kaphanthi kokhala pansi pa nati, pamwamba pa bowolo kuti lisaoneke. Analowetsa chipaipi chachitali ku sipanala, n'kukoka natiyo mpaka mapewa anamuwawa.

Galimoto itatsitsidwa, anayezanso ndi chingwe. Magudumu onse awiri anaima chilili. Pemphani anaiyendetsa mpaka pakona n'kubwerera, dzanja limodzi lili pawindo.

"Yasiya kukoka!" anakuwa. "Achemwali, ndinu dolo! Ndabweza mawu anga. Anyamata inu, mwamuona makaniko?"

Anyamata a matayala anaimba mluzu. Kwa kanthawi kochepa Hafsah anamva kukoma.

"Mawa ubwere molawirira," anatero Jacqueline akulowa m'galimoto. "Ndakusungira mpando kutsogolo."

"Muziyenda pang'onopang'ono m'maenje," anatero Hafsah. "Achimwene, mwamva? M'maenje muzi..."

Nyimbo inameza mawu akewo. Galimoto inatuluka.

6. Mawu a Adamu

Hafsah anasesa tizitsulo tonse n'kukatitaya kuseri. Anapukuta tupa n'kulipachika pamalo pake. Anatulutsa mpunga umene anabwera nawo kuchokera kunyumba, koma sanaudye. Anatseka kontena n'kuyamba kusanja masipanala amene anali osanja kale.

Bambo Hamisi anafika fili koloko itangopitirira. Anavula kofia, anamwa madzi, n'kukhala pabenchi. Nkhope yawo inali yowala.

"Ndakumana ndi a Adamu pa siteji ya minibasi," anatero. "Ukudziwa zimene anena pamaso pa anthu onse? Akuti, 'A Hamisi, mabuleki ngati amenewa sindinawaonepo. Mwana wanu uja ali ndi manja.' Ine ndawayankha kuti manja ali nawo ambiri, koma wanga ali ndi china choposa manja. Ntchito yake sindibwerezanso kuiyang'ana, chifukwa sabisa kanthu."

Sipanala inagwa m'manja mwa Hafsah.

"Watani?"

"Ababa," anatero Hafsah. "Pemphani anabweranso. Anabwera ndi Jacqueline. Ndakuza mabowo aja."

Bambo Hamisi sanakuwe. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Mbali zonse?"

"Zonse."

"Chitsulo chatsala chochuluka bwanji m'mphepete?"

"Kumanja chilipo chokwanira. Kumanzere... ngati kamtengo ka machesi."

"Unamuuza mwini wake?"

"Ayi. Ndinaphimba ndi washa."

"Apita kuti?"

"Ku Njewa. Anati adzera kaye m'tauni kukatenga nsalu kwa telala."

Bambo Hamisi anatulutsa foni m'thumba la mkanjo n'kumupatsa. "Imba. Uwauze aime pamene alipo."

Foni ya Pemphani inaitana mpaka kuduka. Hafsah anaimbanso, n'kuimbanso. Palibe anayankha. Ya Jacqueline inali yozima.

Pamene ankakweza maso, bambo ake anali ataponya kale jeki, masipiring'i anayi ndi shoka ina kumbuyo kwa pikapu yawo yakale. Sanavule n'komwe mkanjo.

"Kwera," anatero.

7. Njira ya ku Njewa

Pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe panali mdipiti wa magalimoto, monga zimakhalira Lachisanu masana. Maminibasi ankapanikizana, makondakitala akukuwa. Pikapu inkasuntha pang'ono n'kuima. Hafsah ankayang'ana galimoto yofiira iliyonse. Foni inali m'manja mwake, ndipo ankaimba mphindi iliyonse.

"Siya kaye, batire litha," anatero Bambo Hamisi. Atawoloka mlatho, anayamba kulankhula maso ali kumsewu.

"Ukuganiza kuti za tupa ndinaziwerenga m'buku? Ndili ndi zaka ngati zakozi ndinkagwira ntchito pa garaji ina ku Limbe. Kunabwera takisi yopendekera gudumu. Bwana wanga anati ndikuze bowo, ine ndinakuza. Ndinanyadira kwambiri tsiku limenelo. Patatha sabata, gudumulo linagwera mkati pamtsetse, takisi n'kuwomba munthu wa panjinga. Munthuyo sanafe. Koma ndinkamuona tsiku lililonse pamsika akuyenda ndi ndodo ziwiri, mpaka ndinasamuka ku Limbe. Iye sankandidziwa. Ine ndinkamudziwa.

"Tamvera, mwanangu. Kulakwitsa ntchito, makaniko aliyense amalakwitsa. Ndikadapeza kuti wapala mopitirira n'kumuuza mwini galimoto kuti, 'Ndawononga shoka, musayende,' ndikadangokuthandiza kusintha, nkhani n'kutha. Chimene chikundiwawa ndi washa uja. Unaona ngozi ndi maso ako, n'kuiphimba. Munthu akakupatsa galimoto sadzalowa pansi pake kukaona zimene wachita. Amakhulupirira. Mnzako uja wakhala pamwamba penipeni pa gudumu limenelo chifukwa amakukhulupirira.

"Ndikudziwa kuti anthu amakunyoza. Ndimawamva. Ukuganiza kuti sizindipweteka? Koma wonyoza akakuuza kuti sungathe, usamuyankhe ndi galimoto imene mukwere anthu. Msiye anyoze. Kunyozedwa sikunagonekepo munthu m'chipatala."

Misozi inkatsika m'masaya mwa Hafsah. Sanaipukute.

Anadutsa nyumba zomaliza za m'tauni n'kulowa msewu wa ku Mchinji. Pikapu inkalira ngati iphulika, koma liwiro lake linali lomwelo. Atafika pa Njewa, Bambo Hamisi anaima pafupi ndi mayi wina wogulitsa tomato.

"Pepani, amayi. Yadutsa pano galimoto yofiira, yotsika kwambiri?"

"Ya nyimbo ija? Yakhotera njira yafumbiyi posachedwapa. Imathamanga ngati ikuthawa moto."

Njira yafumbiyo inali ya mabampu ndi maenje okumbika ndi mvula ya chaka chatha. Pa dzenje lililonse limene pikapu inagunda, Hafsah ankatseka maso. Anadutsa chigayo. Anadutsa mjigo. Atakhota pamtengo wa mango, anaona anthu akuthamangira kutsogolo, ena atasiya njinga zawo m'mbali mwa njira.

"Ababa," ananong'ona Hafsah.

"Ndaona."

8. Funso la Bambo Stephano

Galimoto yofiira inali itasiya njira n'kulowa mutu m'ngalande, pafupi ndi munda wolimidwa kumene. Magudumu akumbuyo anali m'mwamba. Gudumu lakumanzere lakutsogolo linali litapindikira pansi pa galimoto. Nyimbo inali ikulirabe mpaka munthu wina anapisa dzanja pawindo n'kuizimitsa.

Hafsah anadumpha pikapu isanaime bwino.

Pemphani anali atakhala pamzere wa m'munda, manja ali kumutu. Sanavulale. Jacqueline anali pansi pa mtengo, amayi awiri atamugwirizira. Mmodzi ankakanikiza chitenje pamphumi pake. Magazi anali atatsikira pa bulauzi ija, ndipo diso lakumanzere linali litayamba kutupa.

"Jakie!" Hafsah anagwada pambali pake.

"Ndili moyo, usalire," anatero Jacqueline motsitsa. "Ndinagunda galasi. Tinangomva kuti phwa pa dzenje paja, basi galimoto n'kutembenuka yokha. Hafsah, nkhope yanga ili bwanji? Mawa ndioneka bwanji?"

Hafsah anamugwira dzanja.

Bambo Hamisi anasuzumira pansi pa galimoto kamodzi kokha. Chitsulo chopyapyala chija chinali chitang'ambika, bawuti n'kutulukamo. Anaimirira n'kupita kwa amayi aja.

"Bala ili likufunika kusokedwa," anatero. "Mukwezeni kutsogolo kwa pikapu. Tipite naye kuchipatala tsopano lino."

Akumunyamula, anthu anapatuka. Kunafika bambo wamtali wa imvi, atavala jekete, akupuma mwawefuwefu. Anali Bambo Stephano, bambo ake a Jacqueline ndi Pemphani. Anali kunyumba kwa azakhali aja kudikira mwana wawo, ndipo uthenga unawapeza komweko. Anagwira nkhope ya Jacqueline ndi manja onse awiri, n'kuyang'ana balalo nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa Pemphani.

"Wachita chiyani?"

"Sindinathamange kwambiri, adadi. Gudumu langochoka lokha. Ndipo ndachokera nayo ku garaji lero lomwe."

"Garaji ya ndani?"

Pemphani analoza ndi mutu, maso ali pansi.

Anthu onse anatembenukira kwa bambo wa mkanjo woyera uja. Kunayamba manong'onong'o. Wina kumbuyo anati amakaniko a masiku ano ndi akupha. Wina anati aitane apolisi.

"A Hamisi," anatero Bambo Stephano. "Ine ndimakudziwani. Ana athuwa aphunzira limodzi. Ndinu mwagwira galimoto imeneyi?"

"Yatuluka pa garaji yanga," anayankha Bambo Hamisi. "Zonse mufunse ine. Koma tiyeni tiyambe tathamangira kuchipatala."

"Tipita. Koma sindinafunse za garaji. Ndafunsa dzanja limene lagwira gudumu limenelo."

Pemphani sanadzutse mutu. M'pikapu muja, Jacqueline anayang'ana Hafsah ndi diso lake limodzi lotsegula, n'kupukusa mutu pang'ono kumuuza kuti akhale chete. Bambo Hamisi anasuntha n'kuima kutsogolo kwa mwana wawo, msana wawo n'kumuphimba.

Hafsah anatuluka kumbuyo kwa bambo ake n'kuima poyera.

"Ndine, Abambo," anatero. "Ababa anakana ntchitoyi m'mawa. Ndinaigwira iwo kulibe. Ndinaona kuti chitsulo chatsala chochepa, koma sindinanene."

Manong'onong'o anatha. Bambo Stephano anamuyang'ana kuyambira pa mpango mpaka ku nsapato zake za girisi. Pamene analankhula, mawu awo anali otsika kwambiri moti anthu akumbuyo sanawamve.

"A Hamisi, lizani galimoto. Pemphani, utsale pano ulondere chinthu chakochi." Kenaka analoza Hafsah. "Iwe, kwera kumbuyoko ndi ine. Tikamusiya mnzakoyu m'manja mwa adokotala, iwe ndi ine tili ndi ulendo wina, wa kupolisi."